Kiyibodi Yomwe Imaduka n'Kubwerera Yokha: Vuto Limakhala Pati?

Pa Chitakale, kufupi ndi boma la Mulanje, pali kaofesi kena komwe anthu amabwera ndi mapepala olembedwa pamanja kuti awatayipire makalata ofunsira ntchito ku maesiteti a tiyi, ndondomeko za mwambo wa maliro ndi malipoti a magulu a banki m'khonde. Mayi amene amagwira ntchito mmenemo anagula kiyibodi ya mechanical, ya mtundu uja womveka kulira batani lililonse likadinidwa, ndipo kwa miyezi ingapo inamutumikira bwino. Kenako inayamba khalidwe lachilendo. Ali mkati molemba, timagetsi ta pansi pa mabatani tinkathima, kompyuta n'kulira kamawu kaja kamene imalira munthu akazula fulashi, ndipo pakatha masekondi awiri kapena atatu timagetsi tija tinkayakanso. Popeza mayiyu amalemba maso ali pa pepala la kasitomala, ankazindikira mochedwa kuti mawu anayi kapena asanu asowa pakati pa chiganizo.

Iye anaganiza kuti kiyibodiyo yatha, moti anayamba kusunga ndalama yokagulira ina ku Limbe. Maganizo amenewa ndi omveka, koma kawirikawiri amakhala othamanga. Kiyibodi ikamaduka mwa apo ndi apo, vuto nthawi zambiri limakhala panjira ya pakati pa iyo ndi kompyuta, ndipo njira imeneyi ili ndi magawo angapo amene ndi bwino kuwadziwa limodzi ndi limodzi munthu asanawononge ndalama.

Kiyibodi ya mechanical ndi chiyani?

Makiyibodi ambiri a m'maofesi ndi a mtundu wotchedwa membrane. Mkati mwake muli timapepala ta pulasitiki tokhala ndi tinjira ta magetsi, ndipo pamwamba pake pamayalidwa labala yotumphuka pansi pa batani lililonse. Ya mechanical imasiyana ndi imeneyi chifukwa batani lililonse lili ndi swichi yakeyake, yokhala ndi kasipuling'i ndi tizitsulo tiwiri timene timakhudzana munthu akadina.

Luso limeneli si latsopano. Kampani ya Cherry, yomwe masiku ano ili ku Germany, inatulutsa maswichi otchedwa MX mu 1983, ndipo amasiyanitsidwa ndi mitundu: a buluu amalira kwambiri, ofiira amatsika mofewa popanda phokoso lambiri, pamene a bulauni ali pakatikati. Kampani ya IBM nayo inatulutsa kiyibodi yotchuka ya Model M mu 1985, yokhala ndi sipuling'i yopindika pansi pa batani lililonse, ndipo zina mwa izo zikugwirabe ntchito mpaka lero. Makampani ena monga Kailh, Gateron ndi Outemu atayamba kupanga maswichi ofanana ndi a Cherry, mitengo inatsika, n'chifukwa chake makiyibodi oterewa ayamba kufika ngakhale kuno kwathu.

Mfundo yofunika kwambiri pa nkhani yathu ndi yakuti maswichiwo salankhula okha ndi kompyuta. Mkati mwa kiyibodi muli kachipangizo kakang'ono kotchedwa microcontroller, kamene kamayendera maswichi onse kambirimbiri pa sekondi imodzi, n'kutumiza ku kompyuta uthenga wa batani limene ladinidwa. Tingayerekezere ndi mmene zimakhalira m'munda wa tiyi: othyola masamba ndi ambiri, koma kalaliki amene amalemba makilogalamu pa sikelo n'kupita nawo ku ofesi ndi mmodzi. Wothyola mmodzi akadwala, m'buku mumasowa mzere umodzi, koma kalaliki akalephera kufika ku ofesi, ntchito ya gulu lonse imaoneka ngati sinachitike.

Kuduka n'kosiyana ndi kuvuta kwa batani

Anthu ambiri amaphatikiza mavuto awiriwa. Ngati chilembo chimodzi chikukana, kapena chikutuluka kawiri munthu atadina kamodzi, vuto lili pa swichi ya batani limenelo. Tizitsulo ta mu swichi timanjenjemera pang'ono tikangokhudzana, ndipo microcontroller imadikira kanthawi, kawirikawiri pafupifupi mamilisekondi 5 (sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000), kuti kunjenjemerako kuthe. Swichi ikalowa fumbi kapena ikakalamba, kunjenjemera kumapitirira nthawi imeneyi, chilembo n'kubwerezedwa. Vutoli ndi la wothyola mmodzi uja.

Kuduka kwenikweni kumakhudza mabatani onse nthawi imodzi, ndipo kuti timvetse chifukwa chake kumatenga masekondi angapo kuti zinthu zibwerere, tiyenera kudziwa mmene USB imagwirira ntchito. Kale kiyibodi inkalumikizidwa pa poti (bowo lolowetsamo chingwe) yozungulira ya PS/2, imene IBM inayambitsa mu 1987. Mu 1996 makampani angapo, kuphatikizapo Intel, Microsoft, IBM ndi Compaq, anatulutsa USB kuti pakhale poti imodzi yolandira zipangizo zosiyanasiyana, zimene munthu angathe kulowetsa kapena kuzula kompyuta ili chiyakire. USB 2.0 inabwera mu 2000, USB 3.0 mu 2008, ndipo kamutu ka USB-C, kamene kamalowa mbali iliyonse, kanalengezedwa mu 2014.

Popeza poti ya USB imalandira chilichonse, kompyuta imayenera kufunsa chipangizo chilichonse cholowa kuti chinene dzina lake, ntchito yake ndi kuchuluka kwa magetsi amene chikufuna, kenako imachipatsa nambala yochidziwira. Zili ngati pa chipata cha Muloza, pomwe munthu ngakhale atadutsa dzulo, lero ayenera kuonetsanso mapepala ake. Kulumikizana kukaduka ngakhale kwa kanthawi kochepa kwambiri, kiyibodi imayambiranso kudzidziwikitsa, ndipo zilembo zonse zodinidwa pa nthawi imeneyo zimatayika. Kufunsana kumeneku kukalephereka, Windows imaonetsa uthenga wakuti USB device not recognized.

Chingwe ndi poti

Apa ndi pamene munthu ayenera kuyambira, chifukwa ndi gawo limene limakokedwa, kupindidwa ndi kugundidwa tsiku ndi tsiku. Mu chingwe cha USB 2.0 muli timawaya tinayi: kamodzi kamabweretsa mavolti 5, kena ndi kobwerera magetsi, ndipo tiwiri totsalato timanyamula mauthenga. Kawaya kalikonse ndi mtolo wa tinsinga ta mkuwa topyapyala ngati tsitsi. Pamalo pamene chingwe chimapindika kawirikawiri, makamaka kumutu, tinsingato timaduka kamodzikamodzi chikopa cha kunja chikuonekabe bwinobwino, ndipo tikatsala tochepa timangokhudzana chingwe chikakhala mbali imodzi n'kulekana chikasuntha. Ichi n'chifukwa chake kiyibodi ina imaduka munthu akagunda tebulo ndi bondo kapena akaikankhira kutsogolo.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Tsegulani malo olembera, dinani batani limodzi osalisiya, ndipo ndi dzanja linalo gwedezani chingwe pang'onopang'ono kuyambira kumutu wa ku kiyibodi mpaka kumutu wa ku kompyuta. Pamene zilembo zaima pali vuto. Makiyibodi ambiri a mechanical ali ndi chingwe chozuka, choncho kubwereka china kwa mnzanu kungathetse nkhani yonse m'mphindi zochepa. Koma pali misampha iwiri. Woyamba ndi wakuti zingwe zina zotchajira foni zilibe timawaya ta mauthenga, moti kiyibodi imayaka koma osalemba. Wachiwiri ndi wakuti makiyibodi ena otsika mtengo okhala ndi poti ya USB-C alibe tizipangizo tiwiri ta mkati timene timauza kompyuta kuti itulutse magetsi, ndipo oterewa amagwira ntchito ndi chingwe chokhala ndi mutu waukulu wa USB-A mbali imodzi, koma sayaka n'komwe ndi chingwe cha USB-C mbali zonse.

Kutalika nakonso kuli ndi malire. Lamulo la USB 2.0 limalola chingwe chosapitirira mamita 5. Zingwe zokongola zopiringizika ngati sipuling'i, zokhala ndi cholumikizira chachitsulo pakati, zimaoneka zazifupi koma waya wa mkati ndi wautali, ndipo cholumikizira chilichonse chowonjezera ndi malo enanso pamene zinthu zingavute.

Poti yeniyeniyo imatopa. Mutu waukulu wa USB-A unakonzedwa kuti upirire kulowetsedwa ndi kuzulidwa maulendo osachepera 1,500, pamene USB-C ndi maulendo 10,000, koma poti ya pa kompyuta ya pa ofesi imene aliyense amalowetsapo fulashi yake imafika pa chiwerengero chimenechi msanga. Mu poti ya USB-C mumaunjikananso fumbi ndi ulusi pansi penipeni, zimene zimaletsa mutu kulowa mpaka kumapeto. Kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo tili ndi chinanso, chomwe ndi chinyezi. M'nyengo ya chiperoni, kuyambira cha mu May mpaka mu August, nkhungu ndi mvula yowaza zimatha masiku angapo, ndipo zitsulo zosakutidwa bwino zimayamba kuda kapena kuchita dzimbiri. Poyeretsa, chotsani kaye chingwe, tokosani mofatsa ndi kamtengo kotokosera m'mano, osati singano, ndipo ngati pakufunika kutsuka, amisiri okonza mafoni amakhala ndi isopropyl alcohol yomwe imauma msanga. Ngati poti ya pa kiyibodi ikugwedera yonse, ndiye kuti pamene inawotchereredwa pa bolodi ya mkati yonyamula tizipangizo ta magetsi pang'aluka, ndipo mmisiri wodziwa kusintha poti ya foni angathe kuwotchereranso.

Magetsi amene poti imatulutsa

Kiyibodi ya waya ilibe batire, imadalira magetsi ochokera mu poti. Malinga ndi malamulo a USB, poti ya USB 2.0 imapereka mpaka 500 mA (mA ndi muyeso wa kuchuluka kwa magetsi oyenda), ya USB 3.0 mpaka 900 mA. Kiyibodi wamba imadya zochepa kwambiri pa zimenezi, koma ya mechanical yokhala ndi kagetsi pansi pa batani lililonse ndi nkhani ina, chifukwa yaikulu imakhala ndi mabatani 104 kapena 105, ndipo kuti kagetsi kamodzi kawale moyera, mitundu itatu yonse, wofiira, wobiriwira ndi wa buluu, imayaka pamodzi. Opanga amaika malire a kuwala kuti asapitirire muyeso, komabe kiyibodi yowala mokwanira imakhala pafupi ndi malirewo. Mavolti akatsika pang'ono, microcontroller imathima n'kuyakanso, ndipo kompyuta imaona ngati kiyibodi yazulidwa.

Aliyense amene anatungapo madzi pa mipopi yochokera m'phiri la Mulanje amazidziwa zimenezi. Paipi ndi imodzi, ndipo mipopi yonse ya kumtunda ikatsegulidwa m'mawa, wa kumapeto umangodontha. Kachipangizo kotchedwa hub, kamene kamasandutsa poti imodzi kukhala anayi, kamachita chimodzimodzi: kamachulukitsa mipopi osachulukitsa madzi. Hub yopanda pulagi yakeyake ya kukhoma imayenera kupereka 100 mA yokha pa poti iliyonse. Mapoti a kutsogolo kwa kompyuta ya pa desiki nawonso amafika ku bolodi yaikulu kudzera pa waya wina wa mkati, pamene a kumbuyo anawotchereredwa pa bolodi penipeni, choncho a kumbuyo ndi odalirika kwambiri poyesa. Njira yachidule yodziwira ngati vuto ndi la magetsi ndiyo kuthimitsa timagetsi tonse ta kiyibodi kwa tsiku limodzi. Kuduka kukasiya, ndiye kuti mpopi unkachepa madzi.

Kompyuta ikagoneka poti

Pali kuduka kwina kumene kumachitika munthu akasiya kulemba kwa kanthawi, ndipo akabwerera zilembo zoyamba sizituluka. Apa tikayikire dongosolo lopulumutsa magetsi lotchedwa USB selective suspend, limene lakhala mu Windows kuyambira pa Windows XP ya mu 2001. Lamulo la USB limati chipangizo chikaona kuti padutsa mamilisekondi 3 popanda uthenga uliwonse kuchokera ku kompyuta, chigone, ndipo kompyuta imagwiritsa ntchito lamuloli kugoneka poti imodzi yokha pamene ena akugwira ntchito. Cholinga chake ndi chabwino, makamaka pa laputopu yodalira batire. Zili ngati mlonda amene amatseka geti akaona kuti pabwalo pali zii. Kiyibodi yopangidwa bwino imagogoda n'kutseguliridwa nthawi yomweyo, koma ina imagogoda molakwika, kompyuta n'kuyamba kuifunsanso ngati mlendo.

Woyesa zimenezi pa Windows amatsegula Device Manager, n'kupita pa Universal Serial Bus controllers, ndipo pa USB Root Hub iliyonse amasankha Properties kenako Power Management, n'kuchotsa chizindikiro pa mzere wolola kompyuta kuthimitsa chipangizocho. Mu Power Options, pansi pa USB settings, mulinso malo othimitsira selective suspend yonse. Pa Linux dongosololi limatchedwa autosuspend, ndipo lamulo lotayipira kompyuta lotchedwa dmesg limaonetsa nthawi yeniyeni imene chipangizo chinaduka.

Magetsi a m'nyumba

M'Malawi magetsi a pakhoma ndi a mavolti 230, ndipo pulagi yake ndi ya mano atatu, dzino lalitali la pamwamba kukhala la earth. Ma ekisitenshoni ena otsika mtengo ali ndi bowo la dzino lachitatu koma mkati mulibe waya wake, ndipo nyumba zina zinalumikizidwa popanda earth yodalirika. Kompyuta yopanda earth imasowa kotayira magetsi osokera, moti nthawi zina munthu amamva kunyerenyetsa akakhudza chitsulo chake. Mauthenga a USB ndi a mphamvu yochepa kwambiri, choncho kugwedezeka kumene kumabwera firiji ikaliza injini, makina a fotokope akayamba kutentha, kapena magetsi akamachoka pa ESCOM kupita pa invetala kapena jenereta, kungathe kuwasokoneza kwa kamphindi. Wa laputopu ali ndi mwayi wa kuyesa kosavuta, kumene ndi kuzula chaja n'kugwira ntchito pa batire kwa maola angapo. Vuto likatha, alifunefune ku chaja, ku ekisitenshoni kapena ku soketi.

M'miyezi youma ya September ndi October, thupi la munthu limatha kusonkhanitsa magetsi kuchokera ku zovala za nayiloni kapena mpando wa pulasitiki, ndipo kukhudza kiyibodi ya chikopa cha aluminiyamu kumatulutsa kamoto kamene kangathe kuyambitsanso microcontroller. Chizindikiro chake ndi kuduka kochitika pa nthawi yeniyeni imene munthu wakhala pansi n'kugwira kiyibodi.

Zopanda waya, ndi mapulogalamu

Makiyibodi ena amalumikizidwa kudzera pa Bluetooth kapena pa kachipangizo kolandirira kolowetsa mu poti, ndipo njira zonse ziwiri zimagwiritsa ntchito mafunde a 2.4 GHz, omwenso Wi-Fi imagwiritsa ntchito. Mu 2012 kampani ya Intel inatulutsa chikalata chofotokoza kuti mapoti ndi zingwe za USB 3.0 zimatulutsa phokoso la mafunde pa dera lomweli. Kachipangizo kolandirira kakayandikana ndi fulashi kapena hard drive ya USB 3.0, zimakhala ngati kuyesa kumva mnzako ali patali tsiku la msika pa Limbuli. Kukasamutsira pa poti ya USB 2.0, kapena kukatalikitsa ndi kachingwe kowonjezera, kumathandiza. Batire yofooka nayo imabweretsa zizindikiro zomwezi.

Mbali ya mapulogalamu ndi imene anthu amathamangirako, ngakhale kuti iyenera kubwera pambuyo. Kiyibodi ya USB imatsata dongosolo limodzi lotchedwa HID, ndipo driver yake, pulogalamu yothandiza kompyuta kulankhulana ndi kiyibodi, imabwera kale ndi Windows, macOS kapena Linux. Komabe pulogalamu ya kampani yosinthira mitundu ya magetsi ingathe kulimbana ndi inzake, ndipo firmware, yomwe ndi pulogalamu yokhala mkati mwa microcontroller, ingathe kukhala ndi zolakwika zimene opanga amakonza pambuyo pake. Kusintha firmware kumafuna kusamala, chifukwa magetsi akathima kapena chingwe chikaduka ntchitoyo ili mkati, kiyibodi ingathe kusiyiratu kuyaka. Si nzeru kuchita zimenezi pa chingwe chimene chikukayikitsa kale.

Mmene vuto la pa Chitakale linapezekera

Lamulo la kafufuzidwe konseka ndi kusintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, chifukwa vuto lobwera mwa apo ndi apo limanamiza. Munthu akasintha chingwe, poti ndi makonzedwe a Windows tsiku limodzi, sadziwa chimene chathandiza, ndipo mwina vutolo langopuma. Kuyesa kiyibodi pa kompyuta ina, kapena pa foni ya Android kudzera pa kolumikizira ka OTG kamene kamalola foni kulandira zipangizo za USB, kumagawa nkhani pawiri: ikadukanso kumeneko, vuto lili pa kiyibodi kapena chingwe chake, ikakhazikika, lili ku kompyuta.

Mayi uja analangizidwa kuti asathamangire ku Limbe, koma aike kope pambali n'kumalemba nthawi imene kiyibodi yaduka ndi chimene chinkachitika pa nthawiyo. Patatha masiku atatu zinaoneka poyera. Kiyibodi, mausi ndi fulashi zonse zinali pa hub imodzi yopanda pulagi, yolowetsedwa kutsogolo kwa kompyuta, ndipo pa hub yomweyo panali chingwe chimene makasitomala ankalowetsapo mafoni awo potumiza zikalata. Foni ya batire yotsika ikangolowa, inkakoka magetsi ambiri nthawi imodzi, timagetsi ta kiyibodi n'kuthima. Atasamutsira kiyibodi ku poti ya kumbuyo, kopelo silinalembedwenso kanthu.

Mafunso amene akadalipo

Pali mbali zingapo zimene odziwa za makompyuta sanagwirizanebe. Ena amalangiza kuthimitsiratu selective suspend pa kompyuta iliyonse, pamene ena amati kutero kumangobisa cholakwa cha firmware ya kiyibodi n'kumadya batire ya laputopu pachabe. Kodi udindo wokonza zimenezi ndi wa opanga kiyibodi, opanga bolodi ya kompyuta, kapena olemba Windows?

Palinso nkhani ya liwiro. Kiyibodi wamba imafunsidwa ndi kompyuta ngati pali batani limene ladinidwa maulendo 125 pa sekondi, za masewera maulendo 1,000, ndipo zina zatsopano zimafika pa 8,000. Ochita masewera ena amati amamva kusiyana kwake, pamene ena amati liwiro lotere limangolemetsa makompyuta akale ndi ma hub otsika mtengo popanda phindu looneka. Kodi munthu wotayipa makalata ayenera kulitsitsa kuti apeze kukhazikika?

Funso lina limatikhudza ife makamaka. Kiyibodi ya mechanical imatamandidwa chifukwa imakonzeka, koma kukonzeka kumafuna maswichi, mapoti ndi zingwe zabwino zopezeka pafupi. Kodi kwa munthu wa ku Thekerani, ku Luchenza kapena ku Likhubula, amene ulendo wokafuna kachipangizo kamodzi ungamudyere tsiku lonse ndi ndalama ya minibasi, n'chanzeru kukonzetsa poti yong'aluka kapena kubwerera ku kiyibodi ya membrane yotsika mtengo? Nanga pamene vuto lapezeka kuti likuchokera ku nyumba yopanda earth, ndani ayenera kulipira mmisiri wa magetsi, mwini nyumba kapena wochita lendi amene kompyuta yake ikuvutika?